Kodi makanema a chitetezo m'ndege akutiphunzitsa kapena akungotisangalatsa?

NaPhiri_Leeds

Abale, funso langa likupita kwa amene mumakwera ndege kawirikawiri, makamaka ngati alipo wina pano amene anagwirapo ntchito m'ndege. Makanema a malangizo amene amationetsa ndege isananyamuke aja masiku ano asanduka zisudzo. Muli magule, muli nthabwala, muli akatswiri a mpira ndi anthu a m'mafilimu. Kodi zimenezi zikuthandiza kuti malangizowo alowe m'mutu, kapena zikuwakwirira? Ine ndikuona kuti zikuwakwirira, ndipo zikundidetsa nkhawa, koma ndikufuna ndimve kwa anzanga.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kukatenga amayi kuti adzaone mdzukulu wawo. Ndi munthu wamkulu, sukulu analekezera ku pulayimale, Chingerezi amangotolapo mawu awiri atatu, ndipo ndege anali asanakwerepo chibadwire. Ndege yoyamba inali yaing'ono, yopanda masikirini. Mtsikana wogwira ntchito m'menemo anaima pakati pa mipando, anakweza lamba m'mwamba, kumumanga, kumumasula. Anavala masiki yachikasu ija, kukoka timalamba take m'mbali, kenako kuloza makomo ndi manja onse awiri. Amayi mawu sanamve, koma maso anaona. Anagwira lamba wawo, kutukula kachitsulo kaja, lamba n'kumasuka, iwo n'kumumanganso. Anacheuka kuyang'ana kumbuyo kumene mtsikanayo analoza, n'kugwedeza mutu.

Ndege yachiwiri inali yaikulu, ya usiku wonse, mpando uliwonse ndi sikirini yake. Dzina la kampaniyo sinditchula. Kanema wawo anali wokongola kwabasi. Munthu akumanga lamba atakhala pa benchi m'munda wa maluwa. Masiki ikutsika kuchokera mu mtengo. Jekete yoyandamira pamadzi akuivala achinyamata akuvina m'mbali mwa nyanja, dzuwa lili phwee, nyimbo ili pamwamba. M'kati mwa ndege yeniyeni sanationetse mpaka chakumapeto. Amayi anaonera yense akumwetulira, atatha n'kundifunsa kuti, "Kodi akutsatsa malo amene tikupitawa?" Nditawauza kuti akutiuza zochita ngozi itagwa, nkhope inasintha. Anati, "Nanga chachikasu chija chizichokera pati muno, poti mulibe mtengo?" Ndinawalozera kachitseko kali pamwamba pa mutu, ndinawagwira dzanja n'kulitsitsa pansi pa mpando kuti akhudze okha kathumba ka jekete. Usiku wonse ndinkangoganiza kuti akanakhala okha bwenzi atamuuza ndani.

Kachitidwe kameneka si kadzana. Air New Zealand ndiyo inatchuka nako kwambiri. Mu 2009 inatulutsa kanema wa ogwira ntchito ake atapentedwa yunifolomu pathupi m'malo movala, mu 2014 inatulutsa wa anthu a m'mafilimu a Hobbit, ndipo anthu mamiliyoni anaonera pa YouTube. Virgin America mu 2013 inapanga wake wa nyimbo ndi gule kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Qatar Airways inaika Messi ndi anzake a Barcelona. British Airways mu 2017 inasonkhanitsa anthu otchuka, kuphatikizapo Rowan Atkinson amene kwathu timangomudziwa kuti Mr Bean. Turkish Airlines mu 2018 inagwiritsa ntchito tizidole ta LEGO. Chimene chikundivuta n'chakuti makanema amenewa amawatulutsa pa intaneti ndi chikondwerero chachikulu, kuti awaonere anthu amene ali pakama kunyumba kwawo, osati amene akhala pa mpando wa ndege. Ndiye mwini wake weniweni wa kanemayo ndi ndani, wokwera kapena ofesi yotsatsa malonda?

Ndikamaganiza zimenezi ndimakumbukira ndege ya Ethiopian Airlines imene inabedwa pa 23 November 1996 itanyamuka ku Addis Ababa kulowera ku Nairobi. Mafuta atatha, woyendetsa, Leul Abate, anaitsitsira panyanja pafupi ndi gombe la ku Comoros. Munali anthu 175, anamwalira 125. Ambiri mwa iwo sanafe ndi kugwa kwa ndegeyo. Anafufumitsa majekete awo adakali m'kati, madzi atalowa majeketewo anawakankhira kudenga, n'kulephera kumira kuti apeze potulukira. Chiganizo chimodzi chokha, chakuti musakoke kachingwe ka jekete mpaka mutafika pakhomo, chinali nkhani ya moyo ndi imfa. Chiganizo chimenecho ndi choti chizinenedwa pakati pa gule?

Ine ndine namwino. Munthu amene wangopezeka ndi shuga tikamamuphunzitsa kudzibaya insulin, timamupatsa chobayira chenichenicho m'manja, n'kumuuza kuti achite ife tikuona. Sitingamuonetse munthu akubaya lalanje pagombe n'kunena kuti waphunzira. Ndithandizeni maganizo, mwina pali chimene sindikuchiona.

Mjoni_Randburg

Achemwali, pepani ndikutsutsaniko pang'ono. Nkhani ya amayi yandikhudza, ndipo munachita bwino kuwalozera. Koma ine ntchito yanga imandiyendetsa pakati pa Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndipo zimene ndimaona n'zina. Ogwira ntchito akaima kutsogolo ndi lamba wawo uja, tembenukani muone anthu. Mitu yonse ili pansi, maso pa foni, mahedifoni m'makutu. Wina wagona kale ndege isanachoke n'pamalo pomwe. Mtsikana akuloza makomo, palibe ndi mmodzi yemwe akumuyang'ana. Zimandimvetsa chisoni m'malo mwake.

Ndiye tisaiwale kumene zinthuzi zinachokera. Malangizo ouma aja analephera kale nthabwala zisanabwere. Ndege ya US Airways imene inatera mu mtsinje wa Hudson ku New York pa 15 January 2009, anthu onse 155 anapulumuka, dziko lonse linaombera m'manja woyendetsa wake. Koma bungwe lofufuza ngozi ku America, NTSB, litafunsa okwerawo linapeza kuti anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse sanaonereko malangizo ngakhale pang'ono. Munalibe gule m'menemo, munalibe Mr Bean. Ndipo bungwe lomwelo linapempha kuti papezeke njira zatsopano, zaluso, zoti anthu azitchera khutu. Makampani akamayesa magule ndi nthabwala, mbali ina akuyankha pempho limenelo.

Kuno kunali kampani ya Kulula isanatseke mu 2022. Ogwira ntchito ake ankaponya nthabwala pa maikolofoni pofotokoza malangizo, ndipo ndinadzionera ndekha anthu akudzutsa mitu, kuvula mahedifoni, kudikira kuti anenanso chiyani. Podikira nthabwala yotsatirayo ankamva za masiki ndi za makomo. Kwa ine, kanema amene munthu waonera ngakhale ali ndi zosafunika zambiri aposa kanema wabwino amene palibe wamuyang'ana.

Hostess_Wopuma

Ndinagwira ntchito imeneyi zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndiyankhe nonse awiri.

Achimwene a ku Randburg, zoti anthu satiyang'ana n'zoona, ndipo zimapweteka. Koma pa nkhani ya Hudson pali china chimene mwasiya. Ulendo umenewo unali wochokera ku New York kupita ku Charlotte, wosadutsa panyanja, choncho kavalidwe ka jekete sanakaonetse n'komwe. Mwa okwera 150, amene anapezeka ndi jekete anali 33, ndipo ambiri mwa iwo analephera kumanga kalamba ka m'chiuno. NTSB inapempha kuti pa ulendo uliwonse anthu azionetsedwa bwinobwino potenga jekete ndi povala. Ndiye anapempha zinthu ziwiri, kukopa maso ndi kuonetsa chinthu chenichenicho. Makampani ambiri anatola choyambacho n'kusiya chachiwiri.

Malamulo a ndege amatchula zimene ziyenera kunenedwa, monga lamba, makomo, masiki, jekete, kusuta, khadi la malangizo. Kanema akakhala nazo zonsezi amadutsa. Kuti masikiyo itsika mu mtengo kapena kudenga la ndege, zimenezo n'za opanga kanema. N'chifukwa chake amayi anu, NaPhiri, anafunsa funso lolondola kuposa aliyense m'ndege imeneyo.

Taonani za masiki. Pa 17 April 2018 injini ya ndege ya Southwest inaphulika itachoka ku New York, chidutswa chinaswa windo, mayi mmodzi anamwalira, ndege inakatera ku Philadelphia. Zithunzi zimene okwera anajambula m'katimo zinaonetsa anthu atavala masiki kukamwa kokha, mphuno ili pamtunda. Amenewo ndi anthu odziwa Chingerezi, amene anamvapo kambirimbiri kuti mphuno ndi kamwa. Pa mafiti 35,000 mpweya ukathawa m'ndege, munthu amakhala ndi masekondi 30 mpaka 60 mutu usanayambe kusokonekera, ndipo sadziwa kuti ukusokonekera. N'chifukwa chake timati yambani mwavala inu musanaveke mwana. M'ndege zambiri mpweyawo umayamba kutuluka pokhapokha mwaikokera masikiyo kwa inu, chifukwa kukokako ndi kumene kumayatsa kabotolo ka mankhwala kali pamwambapo. Kabotoloko kamatentha, mumamva kafungo ngati chinthu chikupsa, kathumba ka pulasitiki kaja mwina sikafufuma, koma mpweya ukubwera. Umakwana mphindi 12 kapena kuposerapo pang'ono, zokwanira kuti woyendetsa atsitse ndege pofika popumika. Munthu amene sanauzidwe zimenezi amavula masiki poganiza kuti yawonongeka.

Lamba nayenso anthu amamupeputsa, amati ndani sadziwa kumanga lamba. Kumanga si vuto. Vuto ndi kumasula uli ndi mantha. Dzanja limathamangira m'mbali kukafuna batani lofiira la lamba wa galimoto, pamene wa m'ndege ali pamimba ndipo amafuna kutukula kachitsulo. Chimene amayi anu anachita, kumasula ndi kumanganso ndege isananyamuke, ndi chimene ndikanakonda aliyense atamachita.

Tsopano chitsanzo chimene ife a ntchitoyi timachikamba kwambiri. Pa 2 January 2024 ndege ya Japan Airlines, Airbus A350, inawombana ndi kandege ka asilikali olondera gombe potera pa bwalo la ndege la Haneda ku Tokyo. M'kandegemo anamwalira anthu 5 mwa 6. M'ndege yaikuluyo munali anthu 379, ikuyaka moto, utsi ukulowa, zokuzira mawu zitafa. Ogwira ntchito anagwiritsa ntchito mawu awo ndi mamegafoni. Mwa makomo 8, anatsegula 3 okha chifukwa enawo kunali moto. Anthu onse 379 anatuluka amoyo, ndipo pa zithunzi simukuoneka munthu atanyamula sutikesi. Ndegeyo inapsa yonse.

Kanema wa kampani imeneyo ndi wosaseketsa. Amaonetsa m'kati mwa ndege, amaonetsa munthu akutsegula kabati ya katundu n'kutsekereza anzake m'njira, amaonetsa chikwama ndi nsapato zazitali zikuwononga silaidi, chofufuma chotsetserekapo chija. Sakuuzani chabe kuti siyani katundu, akukuonetsani chimene chimachitika mukapanda kusiya. Sindikunena kuti kanema yekhayo ndiye anapulumutsa anthu. Ogwira ntchitowo anaphunzitsidwa bwino, okwera anamvera, komanso kampaniyo ili ndi bala la mu 1985 pamene ndege yawo inagwa paphiri n'kupha anthu 520, ndipo zidutswa zake anazisunga kuti antchito awo azikaziona. Koma kanema amene amakutenga ngati munthu wamkulu woti ungauzidwe zoona amathandiza kuti tikakuwa kuti "siyani zonse", mawuwo asakhale achilendo.

Ndege iliyonse yaikulu isanaloledwe kunyamula anthu, opanga ake amayenera kuonetsa kuti onse angatuluke m'masekondi 90 theka la makomo litatsekedwa. Nthawi yake ndi imeneyo. NaPhiri, inu muli pafupi ndi Manchester. Pa 22 August 1985 ndege ya British Airtours inayaka moto pa bwalo la ndege la kumeneko isananyamuke n'komwe. Mwa anthu 137 anamwalira 55, ambiri ndi utsi. Utsi wa m'ndege ndi wakuda bii, dzanja lako lomwe suliona. Ndiye mukakhala pansi werengani mizere ya mipando kuchokera pamene muli kukafika pa khomo lakutsogolo, ndi lakumbuyo lomwe, kuti muthe kuyenda mukupapasa. Kanema wojambulidwa m'munda wa maluwa sangakuphunzitseni zimenezi chifukwa m'mundamo mulibe mizere.

Chomaliza. Mukakhala ndi munthu amene akukwera koyamba kapena samva chilankhulo, uzani wogwira ntchito polowa. Timafotokozera kale payekhapayekha anthu osaona, osamva, ndi ana oyenda okha. Palibe wa ntchitoyi amene angakane kugwada pambali pa mayi wachikulire n'kumulozera masiki, jekete ndi khomo.

Mphunzitsi_Dedza

Ndingowonjezerapo pang'ono. Nkhaniyi anaifufuzapo ku University of New South Wales ku Sydney, motsogozedwa ndi Brett Molesworth. Ankaonetsa anthu makanema osiyanasiyana, wamba, wanthabwala, wa anthu otchuka, kenako n'kuwafunsa zimene akukumbukira. Nthabwala zinkagwiradi maso ndi kusangalatsa mtima, apa achimwene a ku Randburg akunena zoona. Koma kukumbukira malangizo enieniwo sikunkakwera nawo nthawi zonse, ndipo pa makanema onse anthu ankaiwala zambiri. Ife a m'kalasi sitidabwa nazo. Mutu wa munthu umasunga chimene chamudzidzimutsa. Ngati chodzidzimutsacho ndi nkhope ya Messi, chosungidwa ndi Messi.

NaPhiri_Leeds

Zikomo nonse, makamaka amayi amene munagwirapo ntchitoyi. Zowerenga mizere ndi za kafungo ka kabotolo ndazilemba, nditumiza pa gulu la abale.

Achimwene a ku Randburg, ndamva mfundo yanu koma sinandikhutitse, ndipo ndifotokoze chifukwa chake. Inu mukukamba za munthu amene watopa ndi malangizo chifukwa anawamva kambiri. Kanema wa gule anapangira munthu ameneyo, kuti adzutse mutu. Koma iyeyo akadzutsa mutu amadziwa kale kuti mtengowo ukuimira denga la ndege, benchiyo ikuimira mpando, chipata cha mundacho chikuimira khomo. Amamasulira yekha m'mutu mosavutika. Amene amalipira mtengo wa zokongoletsazo ndi amene sangathe kumasulira, ndipo ndi yemweyo amene amafunikira malangizowo kuposa onse. Ndege zochoka kwathu ku Africa zimadzaza ndi anthu otere. Agogo opita kukalera adzukulu, odwala opita ku chipatala ku India, atsikana opita kukagwira ntchito za m'nyumba kumayiko a Aluya, ana a sukulu oyamba kutuluka m'dziko. Amenewa ndi amene amaonera kanema yense maso ali tong'o, osaphethira, chifukwa ali ndi mantha ndipo akufuna kudziwa. Safunika kukopedwa. Afunika kuuzidwa momveka. Ndiye tikuwalanda malangizo amene akufuna kumva pofuna kusangalatsa amene sakufuna kumva?

Komanso za Kulula zija n'zosiyana. Nthabwala inkatuluka pa maikolofoni, koma munthu woima patsogolo panu anali atagwira lamba weniweni, m'ndege yeniyeni, akuloza khomo limene mukuliona ndi maso. Ine sindidana ndi kuseka. Kanema akhoza kukhala ndi nkhope zansangala ndi nyimbo yabwino. Chimene ndikukana ndi kuchotsa ndege m'kanema wa ndege, ndi kutalikitsa zinthu mpaka mphindi 5 kapena kuposa, moti chiganizo cha jekete chija chimadutsa ngati chongodzazira. Ngakhale ku New Zealand komweko anthu anafika potopa. Kanema wawo wa rapu wa mu 2018 anamuchotsa patangopita miyezi yochepa anthu atadandaula, ena akuti mawu a malangizo sankamveka. Ndipo Emirates kanema wawo amayamba ndi kunena poyera kuti mulibe ovina kapena anthu a m'mafilimu. Kampani ikafika ponena zimenezo ndiye kuti nawonso aona kuti zinapitirira muyeso.

Nanunso oyenda kawirikawirinu musadzidalire kwambiri. Boeing 737 ya lero si Airbus ya mawa, si kandege ka mapulopela ka pakati pa Lilongwe ndi Chileka. Makomo ali malo osiyana, katsegulidwe n'kosiyana, jekete pena ili pansi pa mpando pena pambali. Khadi lili m'thumba la mpando wakutsogolo lija ndi la ndege imene mwakwera tsiku limenelo.

Mjoni_Randburg

Achemwali, pa za agogo ndi oyamba kukwera sindingakutsutseni. Ndikuonabe kuti munthu wa foni uja naye ndi moyo, ndipo akasokonekera pakhomo amatsekereza agogo omwewo, ndiye njira yomudzutsira ikufunika ndithu.

Koma ndifunse amayi a ntchitoyi chinthu chimene chili pamtima panga, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri okhala kunja chili pamtima pawonso. Mukuti siyani zonse. M'chikwama changa cha m'manja mumakhala pasipoti, pemiti, mapepala a ntchito. Aliyense amene anavutikapo kupeza mapepala m'dziko la eni akudziwa kuti zinthu zimenezi ndi zaka za moyo wa munthu. Ndinaonera kanema wojambulidwa pa foni m'ndege ya Emirates imene inachita ngozi potera ku Dubai pa 3 August 2016, ikuchokera ku Thiruvananthapuram ku India. Utsi uli m'kati, anthu akutsegula makabati kutenga zikwama, ogwira ntchito akukuwa kuti asiye. Dziko lonse linawanyoza anthu aja pa intaneti. Ine sindinawanyoze, chifukwa anthu ambiri a ku dera limenelo amagwira ntchito kumayiko a Aluya monga ife tilili kuno, ndipo ndinadziwa chimene dzanja lawo linkafuna. Palibe kanema, wa gule kapena wopanda gule, amene anandiyankhapo funso limeneli. Munthu ngati ine atani?

Hostess_Wopuma

Achimwene, funso limeneli ndi lenileni, ndipo sindikunyozani. Anthu 300 a m'ndege ya ku Dubai ija anatuluka onse amoyo, koma patangopita nthawi yochepa okwera atatuluka, thanki ya mafuta inaphulika n'kupha wozimitsa moto mmodzi. Anapulumuka ndi kampata kakang'ono kwambiri. Ku Moscow pa 5 May 2019 kampatako kunalibe. Ndege ya Aeroflot inayaka kumbuyo potera, mwa anthu 78 anamwalira 41, ambiri a mipando yakumbuyo, pamene ena akutsogolo anaoneka akutuluka ndi zikwama m'manja. Munthu mmodzi akaima kuti atsegule kabati, njira ya pakati pa mipando ija ndi yopapatiza moti onse a kumbuyo kwake aima naye, ndipo iwowo ndi amene ali pafupi ndi utsi.

Yankho lake likhale lokonzeratu pansi, musanakwere. Pasipoti, pemiti, foni, khadi la ku banki, ndi mankhwala amene simungakhale tsiku osamwa monga a BP kapena a shuga, zikhale pathupi panu. M'thumba la jekete la zipi, kapena kachikwama kopyapyala kovala m'khosi kapena m'chiuno, m'kati mwa malaya. Mapepala ena onse ajambuleni muwasunge pa imelo. Mukatero, tikakuwa kuti tulukani, dzanja silikhalanso ndi choti likafune m'mwamba. Ndipo zikavuta pasipoti n'kupsa, ofesi ya kazembe imapereka chikalata choyendera chadzidzidzi, ndiponso pakachitika ngozi mayina a onse amene anali m'ndege amakhala alipo kale.

Nsapato nazonso muzivale ponyamuka ndi potera, chifukwa ngozi zambiri zimachitika nthawi ziwiri zimenezi, ndipo kunja mukakumana ndi phula lotentha, mafuta, magalasi ndi zitsulo. Muzivule ndege ikakhazikika m'mwamba, muzivalenso ikayamba kutsika. Lamba yekha musamumasule ngakhale chikwangwani chazima, mungomufewetsako pang'ono kuti asakuthineni. Ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London pa 21 May 2024 inagwedezeka mwadzidzidzi anthu akudya kadzutsa, osamanga malamba anamenyetsa mitu kudenga, bambo mmodzi anamwalira, ambiri anavulala misana ndi makosi, ndege inakatera ku Bangkok.

Akanandifunsa ine chowonjezera m'makanema awo, ndikanapempha masekondi ochepa oonetsa munthu atakhala pa mpando wa ndege, akutulutsa pasipoti m'chikwama, kuiika m'thumba la malaya, kenako n'kukankhira chikwamacho pansi pa mpando wakutsogolo.